Nyanja ikauma, Baibulo la pa Kachulu limatsegulidwa pati?

Amene anafika pa doko la Kachulu kumapeto kwa chaka cha 2018 anapeza mabwato ali mbwee pa dothi long'ambika ngati chikuni cha m'ng'anjo. Madzi a nyanja ya Chilwa anali atathawira kutali, ndipo chilumba cha Chisi chinkaoneka ngati phiri lomera pakati pa dambo. Asodzi olimba mtima ankakankha mabwato m'kangalande ka matope kufunafuna pamene patsalira madzi. Ena anali atamanga kale akatundu kupita ku Malombe, ku Chiuta ngakhale ku nyanja ya Malawi. Amayi ogulitsa mandasi ndi tiyi padoko anatsala ndi mabenchi opanda wokhalapo.

Lamulungu, m'matchalitchi a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, mu nyengo ngati imeneyo mumamveka maulaliki awiri. Woyamba umati Mulungu wakwiya, machimo achuluka pa nyanja, ndiye watseka kumwamba. Wachiwiri umati wokhulupirira asade nkhawa, abzale mbewu ya ndalama m'manja mwa munthu wa Mulungu ndipo chozizwitsa chake chili m'njira. Maulaliki onse awiriwa amakoka anthu, ndipo onse ali ndi mavesi owaikira kumbuyo. Koma onse ali ndi vuto limodzi: amawerenga Baibulo ngati kuti linalembedwera anthu amene sanagwirepo nkhafi. Chonsecho palibe anthu m'Malawi muno amene Uthenga Wabwino uyenera kuwamvekera msanga kuposa a m'mbali mwa Chilwa.

Nkhani zambiri za Yesu zinachitikira pa gombe. Nyanja ya Galileya ndi yaing'ono, makilomita 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, yochepa kwambiri poyerekeza ndi Chilwa ikadzaza. Nsomba yotchuka kumeneko, imene alendo amadya lero poitcha nsomba ya Petro, ndi m'bale wake wa chambo ndi makumba. Muli tinsomba ting'onoting'ono timene anthu a ku Magadala ankatithira mchere n'kutumiza kutali, monga mmene matemba a ku Chilwa amafikira ku Limbe ndi ku Lilongwe. Mulinso mlamba, mtundu womwewu umene umasuzumira m'matope a pa Kachulu. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayuda sankaudya, popeza lamulo la pa Levitiko 11 limaletsa za m'madzi zopanda mamba. Choncho pa fanizo la khoka la pa Mateyu 13, pamene asodzi akhala pansi kusankha nsomba zabwino n'kutaya zoipa, mlamba uyenera kuti unali m'gulu lotayidwalo. Msodzi wa ku Chilwa akamva zimenezi amaseka n'kugwira pakamwa, kupatula wa Seventh Day, amene amangogwedeza mutu kuvomereza.

Ngakhale kuphwera kwa madzi si kwachilendo kumeneko. Mu 1986 chilala chinabweza madzi a Galileya, ndipo m'matope a pafupi ndi Ginosar munapezeka bwato la mamita asanu ndi atatu la m'nthawi ya Yesu, lokhala ndi zigamba za mitengo yamitundumitundu. Mwini wake ankalikonza mobwerezabwereza, mwina chifukwa analibe ndalama ya latsopano. Mmisiri wa mabwato wa pa Kachulu angalizindikire osachita kumuuza.

Pali ulaliki wina wotchuka umene abusa ambiri amabwerekana. Umati nyanja ya Galileya ili ndi moyo chifukwa imalandira madzi n'kuwapereka kudzera mu Yordano, pamene Nyanja Yakufa inafa chifukwa imangolandira osatulutsa. Kenaka mbale ya chopereka imadutsa. Mlaliki wobwera kuchokera m'tauni asamale nawo ulaliki umenewu akafika kuno, chifukwa Chilwa nayo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathiramo, ndipo madziwo amachoka ndi dzuwa basi. Madzi ake ndi amchere, monga David Livingstone anaonera atafika m'mbali mwake pa 18 Epulo 1859. Koma nyanja yosatulutsayi, yomwe malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, m'zaka zabwino yakhala ikupereka pafupifupi nsomba imodzi mwa zisanu zilizonse zogwidwa m'dziko muno. Anthu pafupifupi 1.5 miliyoni amakhala m'chigwa chake. Fanizo lokongola lija likafika pa Kachulu limathyoka mwendo.

Nanga za chilango? Chilungamo chake n'chakuti mavesi otero alipo. Salimo 107 limanena za Mulungu wosandutsa mitsinje kukhala chipululu chifukwa cha zoipa za okhalamo. Amosi 4 amanena za mvula yogwa mudzi uwu n'kulumpha mudzi uwo. Palibe chifukwa chobisira mavesi amenewa. Chofunika n'kuwawerenga mpaka kumapeto. Amosi atatchula machimo amene anatseka kumwamba sanatchule kavalidwe ka atsikana kapena magule a usiku. Anatchula amalonda ochepetsa muyeso ndi kukweza mtengo, masikelo achinyengo, ndi kugula munthu wosauka pa mtengo wa nsapato. Mlaliki wofuna kuyenda m'mapazi a Amosi pa Chilwa ayambire pa ndowa yophwanyidwa pansi imene mavenda amayezera mpunga wa ku sikimu ya Likangala, pa katapila wobwereketsa thumba limodzi n'kudzatenga awiri pokolola, pa mwini khoka wodyera aganyu ake masuku pamutu, ndi pa mchitidwe woti mayi wogula nsomba ayambe wagona ndi msodzi kuti apeze beseni la matemba. Ulaliki umenewo ndi wovuta, chifukwa ena mwa otchulidwawo amakhala pa benchi ya kutsogolo ndipo ndi amene anagula malata a tchalitchi.

Kupatula apo, nyanjayi ili ndi mbiri imene singagwirizane ndi kaundula wa machimo. Inauma mu 1968, pamene ambiri mwa ochimwa a lero anali asanabadwe. Inaumanso mu 1995, inaphwera kwambiri mu 2012, kenaka 2018. Zolembedwa za nthawi ya atsamunda zimaonetsa kuti inkachitanso zomwezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo agogo a pa Chisi ali ndi nkhani zawo za nsembe zimene makolo ankathira madzi akathawa. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anaifufuza kwa zaka khumi kuyambira cha m'ma 1966, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku lokonzedwa ndi Margaret Kalk ndi anzake mu 1979. Mfundo yake ndi yosavuta: mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje, nyanja yosaya chonchi singalimbane ndi dzuwa. Madzi akabwerera, udzu ndi zomera zimene zinaola pansi zimasanduka chakudya, ndipo nsomba zimaswana modabwitsa.

Madzi akathawa, amathawa Mkatolika, wa CCAP, wa Mpingo wa Khristu, wa Pentekoste ndi Msilamu wa mzikiti wa pafupi tsiku limodzi. Yesu mwini anakana masamu ogwirizanitsa tsoka ndi tchimo. Pa Luka 13 anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kunenetsa kuti sanali ochimwa kuposa anzawo otsala. Pa Yohane 9 ophunzira atafuna kudziwa amene analakwa kuti munthu abadwe wosaona, Iye anakana kuloza chala makolo kapena mwanayo. Ndipo pali kavesi kamene alaliki amakonda kukalumpha pa 1 Mafumu 17: mtsinje wa Keriti, umene Mulungu mwini anatumizako Eliya kuti azikamwa, nawonso unauma. Mneneri ananyamuka kukapempha chakudya kwa mayi wamasiye wa dziko lachilendo, monga mmene asodzi a ku Chilwa amakagogodera kwa eni magombe a ku Mangochi.

Zimene zasintha masiku ano n'zakuti nyanja ikuuma pafupipafupi, ndipo apa ndiye dzanja la munthu likuoneka. Mapiri amene mitsinje imachokera ametedwa. Matumba a makala amatsika pa njinga m'mawa uliwonse kulowa m'tauni ya Zomba, ndipo ogula ake ndi Akhristu omwewo amene madzulo amakagwada pa mapemphero opempha mvula. Minda yafika m'mphepete mwenimweni mwa Likangala ndi Domasi, dothi likukokoloka n'kukakwirira nyanja yomwe ndi yosaya kale. Kutentha kwa dziko lonse, komwe msodzi wa pa Chisi sanakuyambitse, kukuwonjezera moto. Papa Francis analemba kalata yake ya Laudato Si' mu 2015 kukumbutsa kuti kusamalira chilengedwe ndi nkhani ya chikhulupiriro, koma pa Chilwa mfundoyi siyofunika kuitanitsa ku Roma. Ili kale m'mabuku a Mose, m'Chichewa chomveka, kuyambira pamene Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922.

Deuteronomo 22 ali ndi lamulo laling'ono la chisa cha mbalame. Wopeza make atafungatira mazira kapena ana saloledwa kutenga zonse. Make azimusiya apite. Ndi nzeru ya mlenje aliyense wodziwa ntchito yake, ndipo alenje a mbalame za m'madambo a Chilwa, malo amene dziko la Malawi linawaika pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ndipo UNESCO inawavomereza mu 2006 ngati malo osungira chilengedwe, ali ndi magulu awo oteteza malo oswanirana. Lamulo lomweli likaviikidwa m'madzi limasanduka nyengo yotseka nyanja, imene imayamba mu Disembala nsomba zikamaswana. Eksodo 23 ndi Levitiko 25 amalamula kuti nayonso nthaka izipuma chaka chachisanu ndi chiwiri. Ngati munda uli ndi sabata lake, n'chifukwa chiyani mkulu wa mpingo amene sangagwire khasu Lamulungu amalowa m'nyanja usiku mu Januwale ndi khoka losokedwa ndi neti ya udzudzu, lokokolola ndi mazira omwe? Neti imeneyo boma linapereka kuti mwana wake asadwale malungo. M'mawa mwake nsomba zija zimagulitsidwa, chakhumi chimaperekedwa, ndipo abusa amadalitsa.

Wokonda nkhani ya chozizwitsa cha nsomba aiwerengenso mofatsa. Pa Luka 5, Yesu anapeza asodzi akutsuka makoka atachezera usiku wonse osapha kanthu. Pa Marko 1, Yakobo ndi Yohane anali m'bwato akusoka makoka pamodzi ndi bambo awo Zebedayo ndi aganyu. Chozizwitsa chinapeza anthu ali pa ntchito, ndi zipangizo zosamalidwa, ndipo nsomba zitachuluka anakodola anzawo a bwato lina kuti agawane mtolo. Pa Yohane 21 wolemba anachita kuwerenga: nsomba 153, ndipo ananena kuti zinali zazikulu. Mwina khoka la Petro linali ndi maso olola tiana kudutsa. Palibenso pamene pakuoneka kuti Petro anayamba wapereka envulopu kuti Ambuye amuuze mbali yoponya. M'malo mwake, atafika kumtunda anapeza moto wayatsidwa kale, nsomba ili pamoto ndi mkate pambali, ndipo woitanira chakudya anali Yesu.

Pali lamulo linanso limene silimveka pa guwa chifukwa amati n'lochititsa manyazi. Deuteronomo 23 amalamula ankhondo a Israeli kukhala ndi malo kunja kwa msasa, aliyense ndi chokumbira chake, kuti akadzithandiza azikwirira, ndipo chifukwa choperekedwa n'chakuti Mulungu amayendayenda mu msasamo. Chimbudzi chili m'Baibulo, ndipo chili m'ndime yonena za chiyero. Ku Chilwa nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Asodzi mazanamazana amakhala miyezi pa zimbowera, tinyumba toyandama tomangidwa pa njedza pakati pa nyanja, kumene madzi akumwa, ophikira ndi odzithandizira ndi amodzi. Kolera amayambira kumeneko kawirikawiri n'kutsikira ku madoko. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières unapereka katemera wakumwa kuzungulira nyanjayi, ndipo asodzi a pa zimbowera anapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Kunali kuwakhulupirira ngati anthu akuluakulu, ndipo ambiri anasunga pangano. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, unaonetsanso mbali ina: mipingo ina inkaletsa anthu ake kupita ku chipatala, ndipo odwala ankafera pa mphasa akupemphereredwa, mankhwala a thanzi ORS ali pa mtunda wa kilomita imodzi. Pa chimbowera palibe dothi lokumba, zimenezo n'zoona, ndipo vesi silingamange chimbudzi pamadzi. Koma botolo la klorini lingathe kukwera bwato limodzi ndi Baibulo.

Wina anganene kuti zonsezi n'zosavuta kulemba uli wokhuta. Akunena zoona. Bambo wa ana asanu amene nyanja yatsekedwa mu Januwale, mwezi womwe ufa watha m'nyumba ndipo chimanga chili m'maondo, sangaphike Deuteronomo. Amalowa m'madzi usiku osati chifukwa chosadziwa malemba koma chifukwa mwana akulira. Mpingo umene ungamudzudzule osamupatsa kanthu wagwa kale pa mayeso a Yakobo 2, onena za munthu wouza wanjala kuti apite mu mtendere akakhute, osamupatsa ngakhale chigumu.

Apa ndiye pali ntchito imene mipingo ya m'mbali mwa nyanja sinaigwire mokwanira. Zaka zonenepa zimabwera ku Chilwa. Matemba akagwa, ndalama zimayenda pa Kachulu ngati madzi, mabala amadzaza, ma wailesi amalira usiku wonse, ndipo nazo mbale za chopereka zimalemera. Ndalama zimenezo zimamanga makoma, zimagula zokuzira mawu ndi mayunifolomu a kwaya. N'zochepa zimene zimasungidwira chaka chimene aliyense akudziwa kuti chikubwera. Yosefe wa pa Genesis 41 sanapemphere kuti ng'ombe zowonda zisatuluke mu mtsinje. Anamva chenjezo, n'kusonkhetsa gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Machitidwe 11, mneneri Agabo atalosera njala, Akhristu a ku Antiokeya sanamugulire galeta. Anasonkherana aliyense monga mwa kupata kwake n'kutumiza thandizo ku Yudeya. Chilwa nayo ili ndi a Agabo ake. Mu 2012 Pulofesa Sosten Chiotha ndi anzake a pulogalamu yothandiza anthu a m'chigwachi kulimbana ndi kusintha kwa nyengo anachenjeza poyera kuti nyanja ikupita kouma. Analibe ndodo kapena mafuta odzozera, anali ndi zoyezera mvula ndi madzi. Ndi mipingo ingati imene inatsegula nkhokwe itamva?

Amene agwira mfundoyi msanga ndi amayi. A Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati ya Chikatolika ndi amene amadziwa khomo limene sipanafuke utsi masiku awiri. Ndi iwo amene amasonkha kambale ka ufa pa maliro, amene adzaza mabanki a m'khonde, ndipo magulu a amayi a pa Kachulu ndi amene analandira nyumba zoumitsira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa kuti matemba asamawolere pa mchenga ndiponso nkhuni zisamathe. Misonkhano yawo imayamba ndi pemphero n'kutha ndi pemphero, pakati pake pali kabuku ka ngongole. Maphunziro a zaumulungu a mtundu umenewu sapezeka mokwanira m'makalasi a sukulu yophunzitsa abusa ya ku Zomba kapena seminale ya St Peter's, ngakhale sukulu zonse ziwirizi zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera padoko. Wophunzira ubusa atati akhale mwezi umodzi pa Kachulu nthawi yotseka nyanja, akhoza kubwerako ndi ulaliki wina.

Zonsezi sizikuchotsa pemphero pa malo ake. Munthu amene wakwera bwato la thabwa mwera ukuwomba, madzi akulowa, gombe silikuoneka, sapemphera mwa mwambo. Kufuula kwa ophunzira pa Marko 4, podzutsa Yesu amene anagona kutsigiro, iye amakudziwa m'mafupa. Mayi wodzuka nkhuku zisanalire kukadikira mabwato, osadziwa ngati mwamuna wake ali m'gulu lobwerera, amamvetsa chifukwa chake Pemphero la Ambuye limapempha chakudya cha tsiku limodzi lokha. Wa malipiro a pamwezi amalinena pemphero limenelo ngati ndakatulo yoloweza. Wa ku nyanja amalinena ngati bajeti. Kupempha mvula nakonso n'koyenera, Yakobo 5 amakuvomereza potchula Eliya yemwe uja. Kungoti akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osakata, mitsinje inasefukira, minda ya mpunga ndi nyumba za m'mphepete zinamira, ndipo nyanja imene anthu ankaililira mu 2018 inabwerera mpaka kulowa m'makomo. Matchalitchi ndi masukulu anasanduka misasa. Milomo yomwe ija inayamba kupempha kuti kumwamba kutseke.

Mwa nkhani zonse za Chilwa, imene ikanayenera kumalalikidwa chaka ndi chaka ndi ya 1995. Nyanja itauma, nsomba zotsala zinathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje monga Likangala ndi Domasi. Njala inali pakhomo, ndipo njira yachidule inalipo: kuthira mankhwala ophera nsomba a katupe m'maiwemo n'kuwola zonse tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya boma yoona za nsomba anagwirizana zoletsa zimenezo. Anakhazikitsa makomiti a m'midzi olondera maiwe, ndipo apa ndi pamene panayambira dongosolo loti anthu eni ake aziyang'anira nyanja pamodzi ndi boma. Anthu anjala ankadutsa pa dziwe lodzaza ndi ndiwo n'kulisiya. Aneneri a Chipangano Chakale, makamaka Yesaya, amabwerezabwereza za otsala ochepa amene mtundu udzaphukirenso, ndipo alaliki amavutika kupeza chitsanzo choti anthu amve. Chitsanzo chake chinali m'maiwe a Likangala, cholonderedwa ndi anthu a m'midzi.

Mvula itabwerera, mitsinje inasefukira n'kutsitsira nsomba zija m'nyanja, ndipo pasanathe zaka zitatu makoka anayambanso kulemera. Ena mwa amene ankalondera maiwe aja anamwalira, ena ndi nkhalamba zokhala pa khonde kwa Mwambo. Matemba amene amayi akuyanika pa Kachulu lero ndi zidzukulu za nsomba zimene iwo anakana kudya.